Diso Lotsala la Dona

Ndinafika ku Chipoka Lolemba masana. Chikwama kumsana, bokosi m'manja. Kondakitala anafuna kuliponya bokosilo kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala. Ndinakana. Ndinalinyamula pamiyendo ulendo wonse.

M'bokosimo munali Dona. Dona ndi njoka. Kansato ka mtundu woweta, kotalika ngati mkono wanga. Alibe ululu. Ndi wamanyazi. Ukamuopseza amangodzipinda n'kubisa mutu pakati. Anandisiyira ndi bwana wina amene ndinkamukonzera magetsi ku Lilongwe, pobwerera kwawo. Nthawi imeneyo n'kuti Dona ali kale wa diso limodzi.

Njoka ilibe zikope. Diso lake limakutidwa ndi kakhungu koonekera ngati galasi. Ikamafundula, kagalasiko kamachoka pamodzi ndi khungu lonse. Kakatsalira, zavuta. Kwa bwana uja kankatsalira. Kena pamwamba pa kanzake, ulendo uliwonse, mpaka pansi pake panaola. Diso lakumanzere linathera pomwepo.

Linatsala lakumanja. Ndalisunga zaka zitatu. Mchinji, Zomba, Mangochi, Kasungu. Sindikhalitsa malo amodzi. Ndimaika ndi kukonza ma sola, ndipo ntchito ikatha mapazi amayamba kuyabwa. Nthawi zina amayabwa isanathe n'komwe.

Ku Chipoka kuli achemwali anga, a Deliwe. Bere limodzi, makulidwe awiri. Ine ananditenga amalume ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndinakulira ku Kawale. Iwo anatsala kunyanja ndi amayi. Amagula usipa padooko, amayanika, amakagulitsa m'tauni. Kuseri kwa nyumba yawo kuli mathandala ataliatali a bango, oyanikapo usipawo. Amuna awo, a Jailosi, amakonza mainjini a maboti pansi pa mtengo wa mango.

Ndinali wongodutsa. Lole ya mnzanga Kondwani inkapita ku Nkhata Bay Loweruka. Kumeneko loji ina inkandidikira ndi ntchito ya miyezi itatu. Masiku asanu okha kwa achemwali, basi.

Atasuzumira m'bokosi, achemwali anabwerera chafutambuyo mpaka kugunda chitseko. Sanakuwe. Anati chinthucho chikakhale kuchipinda chakuseri, kosungira matumba. Anati oyandikana nawo asamve, chifukwa iwo ali ndi dzina padooko ndi kutchalitchi komwe.

A Jailosi anangoseka.

"Alamu, anzanu amabwera kudzaonetsa mkazi. Inu mwabwera ndi lamba."

Sindinaseke. Ndinali nditaona kale tili m'njira. Khungu la Dona linali litatuwa ngati lapakidwa phulusa. Diso litayera ngati mkaka wothira madzi. Nthawi yofundula inali itakwana. Mu Okutobala. Ku Salima. Anthu amaganiza kuti pafupi ndi nyanja pamakhala chinyontho. Adzabwere mu Okutobala, adzagone pansi pa malata. Mpweya wake umang'amba milomo.

Mankhwala ake ndi osavuta. Ndili ndi kachidebe ka pulasitiki, kale munali ayisikilimu. Ndinaboola khomo m'mbali, n'kusalaza m'mphepete mwake ndi moto wa kandulo kuti musamakande. Mkatimo ndimaika kathaulo kabuluu. Ndimakanyowetsa, n'kukafinya mpaka kasiye kudontha. Chivindikiro pamwamba. Kachidebeko kamalowa m'bokosi, pakona. Mdima, chinyontho, malo othina. Dona amalowa yekha. Amakhalamo masiku atatu kapena anayi. Khungu limafewa, kenako limavuka lonse ngati sokosi. Palibe chozizwitsa. Thaulo lonyowa basi.

Lachiwiri m'mawa ndinanyowetsa, ndinafinya, ndinatseka. Dona analowa. Ine ndinatuluka.

Ndinapita ku Khombedza. Wina anandiuza kuti kuli munthu wa golosale amene batire lake lafa. Sindinamupeze. Sindinamufunefunenso kwambiri. Ndinadya chipisi pachiwaya, ndinaonerera maminibasi. Nditabwerera chakumadzulo ndinapeza thaulo lili gwa. Louma ngati chikopa cha ng'oma. Ndinatukwana dzuwa. Ndinanyowetsanso, mopitirira pang'ono.

Lachitatu ndinapita ku Chitala. Ndinakwera kabaza, ndinayenda m'minda yopsa, ndinakonza sola ya mphunzitsi wina yomwe inangofuna kupukutidwa fumbi. Pobwera, thaulo louma. Dona ali kunja kwa kachidebe, wadzipinda pakona ina. Ndinatembenuza kachidebeko kufuna mng'alu. Panalibe. Ndinatukwana malata. Ndinanyowetsanso.

Lachinayi ndinalibe chifukwa chilichonse. Ndinangokwera minibasi ya ku Salima. Ndinazungulira msika kawiri. Kunatentha moti ngakhale mavenda analeka kuitanira. Ndinabwerera msanga, cha m'ma 2 koloko.

Ndinalowera chakuseri, kumathandala. Usipa uli mbee, kunyezimira mpaka kuthobwa m'maso. Kumapeto kwa thandala lachitatu, pakati pa usipa, panali chinthu chabuluu. Choyalidwa bwinobwino. Mwala pakona iliyonse kuti chisauluke.

Thaulo langa.

Ndinathamangira m'chipinda. Bokosi linali litasunthidwira pawindo, pomwe pamawomba mphepo yotentha. Kachidebe kali pululu, chivindikiro pambali. Dona akudzikwecha pa mbale yake ya madzi. Khungu linali litayamba kuchoka, koma m'zidutswa. Zisanzazisanza. Kwina lasendeka, kwina lamatirira. Kumutu lauma ngati chipewa cha pepala. Ndinamunyamula, ndinamutembenuzira kowala. Diso lakumanja linali lokwinyika, losawala. Kagalasi kakale kanali pompo.

Ndinamubwezera. Ndinatuluka.

Achemwali anali akutembenuza usipa ndi zala, mpango kumutu. A Jailosi ali pansi pa mango, injini pakati pa miyendo.

"Ndani wagwira bokosi langa?"

"Tsitsa mawu," anatero achemwali.

"Ndati ndani?"

"Ndine. Nanga pakhomo pano pali ndaninso wa manja?"

Sanasiye kutembenuza. Anafotokoza ngati akufotokozera mwana. Anati Lolemba lomwelo anaona kuti chinthucho chikudwala. Maso oyera, osadya, kungogona. Lachiwiri akusesa anamva fungo la chinyontho. Atatsegula anapeza chagona pa nsalu yonyowa. Anati anadziwa kuti chadzinyowetsera, ndipo mwiniwake wachisiya choncho n'kupita koyenda. Anachikankha ndi kamtengo, anasolola nsaluyo. Anachapa ndi sopo, anayanika, anabwezera ndisanafike. Mawa lake anapeza yanyowanso. Anachapanso. Bokosi analiika pawindo kuti lipitidwe mphepo.

"Wodwala sagona ponyowa. Ngakhale mwana amadziwa."

"Sakudwala. Akufundula. Thaulo ndimanyowetsa ndine, dala. Diso lake ndi limodzi, ndipo mwina mwalipha."

Sindinalekere pomwepo. Ndinati chomwe amadziwa pamoyo wawo n'kuyanika basi. Ndinati akanatha akanayanika nyanja yomwe. Ndinati nzeru zawo anaziyanikanso pathandala zinauma kalekale. Ndinati ndi chifukwa chake sindibwera kuno, anthu ake amagwira chilichonse osafunsa. Ndinalankhula zambiri. Zina sindingazilembe.

Anaimirira. Anapukuta manja pachitenje. Mamba a usipa anatsalira m'zala.

"Amayi anagona miyezi isanu ndi inayi m'chipinda chomwecho. Ndinkasintha nsalu katatu pa tsiku. Ndinkachapa, ndinkayanika pathandala lomwelo. Anapita opanda chilonda ngakhale chimodzi kumsana. Anamwino anachita kundifunsa kuti ndimatani. Iwe unali kuti?"

"Ndinali ku Tete."

"Unali ku Tete."

Anabwereza choncho, mopanda kukweza mawu. Kenako anati njoka amaiopa kuposa maliro. Anati tsiku loyamba atasolola nsaluyo anakasanza kuseri kwa bafa. Komabe analowetsa dzanja m'menemo katatu.

"Katatu, Harry. Iwe uli ku Khombedza kudya chipisi."

"Mukanafunsa."

"Ndifunse ndani? Khoma? Umatuluka tambala asanatsike, umabwera thukuta lokhalokha, foni kukhutu. Unandiuza kuti nsaluyo ndi ya chiyani?"

Sindinawauze. Zimenezo n'zoona. Ndinkaona ngati n'kutaya nthawi kufotokozera munthu wa usipa za chinyontho cha njoka. Kudziwa zimenezo sikunandiziziritse mtima. Kunangowonjezera moto. Mkwiyo unasowa kolowera. Ndinamenya chidebe chopanda kanthu ndi phazi, chinakagwera kumpanda. Chala chinatupa mpaka mawa lake.

A Jailosi anadzuka, akupukuta girisi. Anati nkhani yaing'ono ngati imeneyi isagwetse nyumba. Anati ali ndi kapulayala kosongoka, kochotsera tizitsulo ta mu injini. Dzanja lawo silinjenjemera. Angokoka kamodzi, kagalasiko kachoka.

"Mukamuyandikira ndi chimenecho, alamu, injini yanuyo mukaivuula m'nyanja."

"Ndiye mupakeni mafuta ophikira. Ndolo ikakanirira timatero."

Kagalasi kakale sukoka. Kamamatirira pa katsopano. Ukakoka, zimachokera limodzi, diso n'kutsala pamtunda.

Ndinafunditsa madzi pang'ono, ofunda ngati a khanda. Ndinanyowetsa thaulo lalikulu, ndinaliyala m'beseni. Dona pamwamba, beseni lina lobooka ndinavindikira. Mphindi makumi anayi. Kenako ndinamugwira m'thaulo lomwelo n'kumusiya adzikoka yekha kudutsa m'manja mwanga. Zidutswa zinayamba kutsalira pansalu. Msana unayera. Mimba inayera. Kumchira ndinachita kupotokola ndi chala pang'onopang'ono. Lachisanu ndinabwereza kawiri. Chipewa cha kumutu chinafewa, chinachoka. Ndinachiyang'ana kowala. Mbali yakumanja inali ndi bowo. Kagalasi kanatsala padiso.

Ndinayesa ndi thonje lonyowa. Kungosisita, osakanikiza. Ayi ndithu.

Ndinajambula chithunzi, ndinatumizira a Asiya, dokotala wa ziweto ku Lilongwe amene amamudziwa Dona. Anaimba okha. Anati ndisakhudzenso. Kagalasi kamodzi sikapha diso msanga. Kachoka pa kufundula kotsatira, ngati chinyontho sichisowa tsiku ndi limodzi lomwe. Kakatsaliranso kachiwiri, ndiye ndi njira yomwe linadzera lakumanzere lija. Ndinafunsa kuti mpaka liti. Anati milungu isanu, mwina isanu ndi iwiri. Ndinawauza za lole ya Loweruka. Anati maola onsewo m'lole, dzuwa la mwezi uno, kenako malo achilendo ine ndili padenga tsiku lonse. Anati ngati ndatopa naye ndingonena.

Loweruka m'mawa Kondwani anaimba. Anali pamsewu waukulu, injini ikulira. Anati ali ndi mphindi khumi.

Ndinapita kwa achemwali. Anali akuthira usipa wouma m'matumba. Chiyambire Lachinayi tinali tisanalankhulane. Ndinawapempha kuti andisungire Dona. Ndinati ndiwaonetsa kanyowetsedwe kake. M'mawa, masana, madzulo. Sizitenga mphindi ziwiri. Ndidzabweranso pakatha milungu itatu kudzaona.

Sanatembenuke.

"Ndinakusungira kale wodwala mmodzi. Wachiwiri ayi."

Hutala inalira kumsewu. Kawiri. Katatu. Chikwama changa chinali chomanga kale, chili pakhomo. Ndinaima pakati pa bwalo ngati chitsa. Foni inaliranso. Ndinamuuza Kondwani kuti azipita. Anandifunsa ngati ndapenga. Ndinati mwina. Lolemba a kuloji anatumiza uthenga wa mizere iwiri. Anapeza wina.

Ndinakhala.

Sindinakhalepo malo amodzi chonchi chichokereni kusukulu. M'mawa kunyowetsa, kufinya, kutseka. Masana kuyang'ana. Madzulo kuyang'ananso. Pakapita masiku awiri kuchapa thaulo ndi madzi otentha kuti lisachite nguwi. Sopo ayi. Bokosi ndinalichotsa pawindo, ndinaliika pansi, pakona yozizira. Kutali kumene ndinkafika ndi kunjanji. Ndinkaima pamenepo, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, n'kubwerera. Maminibasi ankandiitana. Makondakitala anafika pondidziwa, anasiya.

Achemwali anati wakudya pakhomo pawo amagwira ntchito. Ndinayamba kutembenuza usipa. Msana unkawawa. Fungo linalowa m'malaya onse, mpaka m'chikwama cha zida. Ankandidzudzula kuti ndikuunjika malo amodzi, kuti ndikuthyola mitu. Akamadutsa pakhomo la chipinda chija ankafunsa mokweza, kuti a Jailosi amve.

"Odwala anu agona bwanji ponyowapo?"

Ndinkangoluma mano. A Jailosi ankanditchera mbewa kuseri kwa nkhokwe ya mnzawo, chifukwa njoka yosadya sifundula msanga. Ankabwera nazo m'kachitini, akuti ndiwo za mlamu wawo wamkazi. Pa anthu atatu a pakhomopo, iwo okha ndiwo ankasangalala.

Kumapeto kwa Novembala kumwamba kunatseka. Mvula osagwa, koma mpweya unalemera. Malaya ankamatirira pathupi. Usipa unaleka kuuma. Unkafewa, unkanunkha, ntchentche zili ng'waa. Achemwali ankathamanga ndi mapepala a pulasitiki, kufunditsa, kufundukula, kufunditsanso. Mathandala awiri athunthu anawonongeka, anagulitsa kwa oweta nkhumba. Ine thaulo langa linkakhala lonyowa tsiku lonse osawonjezera madzi. Ndinakondwa. Ndinayesa kubisa. Anandiona pankhope.

"Seka bwino. Chako chikuyenda."

Sindinakane.

Tsiku la makumi atatu ndi chisanu ndi chitatu chifikireni ku Chipoka, Dona anatuwanso. Diso linayera. Analowa m'kachidebe. Ndinapempha a Jailosi loko wakale wa pa bokosi lawo la zida. Ndinakhoma chitseko cha chipindacho, kiyi m'thumba. Achemwali atapeza chokhoma anaima nthawi yaitali, tsache m'manja. Anati m'nyumba yomanga okha, ndi usipa wawo, lero akukhomeredwa chitseko ndi mlendo. Anati amayi akanakhalapo akanandiuza mawu. Ndinati matumba awo ndiwatulutsira akafuna. Masiku awiri sanandipatse moni. Chakudya ankangosiya pakhonde, chovindikira.

Sindinapitenso ngakhale kunjanji. Ndinkakhala pansi m'chipindamo, msana kukhoma. Kutentha, fungo la matumba, kulira kwa malata. Ndinkatsegula chivindikiro pang'ono, kukhudza thaulo ndi chala, kutseka. Diso linayera masiku atatu. Pa tsiku lachinayi linada. Ndinadikira masiku ena atatu. Miyendo inkachita dzanzi. Ndinakwiyira Dona yemwe. Kanyama kosadziwa n'komwe dzina langa.

Linali Lachitatu m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono. Ndinatsegula bokosi. Dona anali kunja, wonyezimira ngati wapakidwa polishi. Pakhomo la kachidebe panali khungu. Lonse, lathunthu, lokulungika ngati sokosi yovula mofulumira.

Dona sindinamuyang'ane kaye. Ndinatenga khungulo. Ndinanyowetsa zala, ndinayamba kulitambasula pamkeka. Pang'onopang'ono, limang'ambika msanga. Mchira, mimba, khosi. Mutu unali mkati mwenimweni. Ndinautembenuza ndi kamtengo ka machesi. Kumanzere, kagalasi kamodzi. Kumanja, tiwiri. Kena mkati mwa kanzake. Kakale kachikasu, kolimba ngati chikhadabo.

Ndinamunyamula, ndinapita naye pawindo. Diso linali lakuda, losalala. M'mphepete munali kadontho koyera, kochepa ngati njere ya mchenga. Kamene kanalibepo kale.

Kuyesa ndi chala n'kudzinamiza. Njoka yamtunduwu ili ndi timaenje pamlomo tomvera kutentha. Imatsata dzanja ngakhale ili yakhungu. Ndinatenga supuni, ndinaiviika m'madzi a mumtsuko kuti izizire. Ndinaimangirira kukamtengo katali. Ndinamuika Dona pamkeka, ndinadikira akhazikike.

Ndinadutsitsa supuni kumanzere. Zii. Monga mwa masiku onse.

Ndinadutsitsa kumanja. Mutu unabwerera m'mbuyo.

Ndinadikira. Ndinabwereza, chapatali pang'ono. Mutu unatembenuka, unatsata supuni mpaka kumapeto kwa mkeka. Kachitatu chimodzimodzi.

Ndinakhala pansi kanthawi. Kenako ndinamubwezera m'bokosi, ndinatuluka.

Achemwali anali pathandala loyamba, akusankha usipa wofewa n'kumaponya m'chidebe. Kumwamba kunali kwakuda chakumpoto. Anandiyang'ana kamodzi, n'kubwerera ku ntchito yawo.

"Chachoka?"

"Chachoka. Akuona. Patsala kachipsera."

"Kachipsera n'kanga kapena n'kako?"

Sanadikire yankho. Anatambasula dzanja, chikhatho m'mwamba. Ndinaganiza kuti akufuna kuona khungu lija. Ankafuna kiyi. Ndinawapatsa. Anamumangirira pakona ya chitenje, mfundo ziwiri.

"Unyamuka liti?"

"Mawa."

"Lero kulinso maminibasi."

A Jailosi anakweza mutu kuchokera pa injini. Anati mayi, munthu adye kaye. Achemwali anati chakudya chili pakhonde, chovindikira, akhoza kudya ataimirira monga anazolowera.

Sindinadye. Ndinamanga chikwama, ndinanyamula bokosi la Dona. Minibasi ya 11 koloko ndinaipeza isanadzaze.